Manda Amene Ndinakumbira Anthu a Kanema

Ndinali m'dzenje mpaka m'chiuno pamene mayi wa kanema uja anakuwa kuti ndiime.

"Pepani bambo. Bwerezani. Mukamaponya dothi musamayang'ane kuno."

Sindinkayang'ana dala. Mkulu wina wamtali anali atandilendewetsera pamutu chinthu chaubweya chomangirira ku ndodo, akuti chotolera mawu. Chinkaoneka ngati khoswe wakufa. Munthu sungalephere kuchiyang'ana.

Ndinalavulira m'manja. Ndinagwiranso fosholo.

"Eya, choncho! Kulavulako chitaninso, kwakoma."

Mnzanga amene tinkakumba naye anaseka mpaka kukhala pansi pa mulu wa dothi. Ndi mdzukulu mnzanga wa kumanda. Takumba naye manda ambiri m'mudzimo, ndipo tinkadulira limodzi tiyi ku esiteti msana wake usanakane.

"Amwene," anatero, "zaka zonsezi mwakhala mukulavula ulere. Lero malovu alembedwa ntchito."

Ndinaponya dothi.

Anthuwo anali a kanema, ochokera ku Blantyre. Anafika nyengo yodulira tiyi, chiperoni chikuwaza. Anabwera pa minibasi ndi lole ya katundu. Wowatsogolera anali mayi wachitsikana, wovala thalauza ndi jombo. Anzake ankamutchula kuti adayirekita. Anali ndi ulemu. Polankhula ndi akuluakulu ankanyonyomala, jombo zili kuphazi.

Tsiku loyamba anatisonkhanitsa pakhonde la tchalitchi n'kutiuza nkhani ya kanema wawo. Anati ndi ya mudzi wina umene chilengedwe chautembenukira. Kasupe auma. Njuchi zithawa. Nthochi zifa. Mvula ikana kubwera, kenako ibwera yonse nthawi imodzi. Phiri ligumukira pa anthu.

Mayi wina wa m'mudzi anafunsa kumbuyo:

"Nanga sewerolo liyamba liti? Pakuti zimene mwanenazo ndi nkhani za kuno."

Anthu anaseka pang'ono. Adayirekita sanaseke. Anati n'chifukwa chake anasankha mudzi wathu. Sipankafunika kumanga kanthu. Chigwembe chinalipo kale.

Chigwembecho chimayambira kumtunda kwa mudzi n'kutsikira kumtsinje. N'chofiira ngati bala. Pamene a kanema ankabwera n'kuti patadutsa dzinja lina lathunthu chigumukireni.

Chaka chimenecho mvula inagwa masiku otsatizana osapuma. Dothi linakhuta. Kumtundako kunalibe mtengo. Tinadula tonse, ine ndemwe, pakuti mitengo yotsala kuno ndi bulugamu wa esiteti, ndipo ali ndi alonda ake. M'mawa wina ntchito kunalibe chifukwa cha mvulayo. Mkazi wanga anatenga beseni. Anati akukathyola ndiwo kudimba, ndisunge moto, akubwera pompano.

Moto ndinausunga.

Kenako ndinamva ngati malole ambiri akutsika phiri nthawi imodzi. Akuluakulu amati Napolo. A boma amati matope. Ine ndinangoona kuti pamene panali dimba palibe dimba.

Tinakumba. Adzukulu a midzi yoyandikana anabwera. Tinapeza anthu ena, tinakawaika. Tinapeza malata opindika, mbuzi, chitseko cha munthu. Tinapeza beseni lake kumunsi, litadzaza mchenga. Iye ayi.

Alamu anga, achimwene ake aakulu a mkazi wanga, ndiwo eni mbumba. Ndi munthu wosalalata. Matope atauma anabwera kunyumba. Anakhala pa mpando, chipewa chili pabondo.

"Alamu, tiike thunthu la nthochi. Mlongo wanga agone."

Ndi mwambo wathu. Munthu akapita ndi madzi osapezeka, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu yake, n'kuliika m'manda m'dzina lake. Zikatero maliro achitika.

"Sindinaone mtembo," ndinatero.

Anavala chipewa n'kumapita. Atakolola chimanga anabweranso. Ndinawayankha chimodzimodzi.

Zinali zoona, koma sizinali zonse. Nthawi zina ndinkaganiza kuti mwina madzi anakamulavulira kutali, ali pa chipatala china, waiwala dzina lake. Zimenezo ndinkaganiza ndikatopa. Zenizeni ndi izi. Mudziwo, kwa Nchilamwela, sunali wanga. Ndinali mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma pa dothi la akazi. Mkazi akaikidwa m'manda, pamabwera kusudzula. Abale ake amakuthokoza n'kukuuza kuti wamasuka. Kumasuka kwake n'koti unyamule bulangete lako uzipita kwanu. Kwathu ku Goliati ndinachokako tsitsi lili lakuda. Munda wa mayi anga anagawana alongo anga ndi ana awo. Kulibe poti n'kuimika ngakhale khola la nkhunda.

Pamene maliro anali asanachitike, mkazi wanga anali wamoyo pa mwambo. Ine ndinali mwamuna wake. Nyumba inali yathu. Mudzi wonse unkadziwa chimene ndinkakanira. Palibe ankachinena.

M'kanema muja munali maliro. Amfumu anakana kuti makamera alowe kumanda. Anachita bwino. Ndiye alamu anga anabwereketsa m'mphepete mwa munda wa mbumba, pamene nandolo amathera n'kuyamba tiyi wa esiteti. Adayirekita anapakonda. Anati kumbuyo kukuoneka mizere ya tiyi yobiriwira, kutsogolo dothi lofiira. Anafunsa odziwa kukumba. Anthu analoza ine ndi mnzanga uja. Linali Loweruka. Ndinavomera. Ntchito ndi ntchito.

Bokosi la maliro anali atabwereka kwa kalipentala wina m'tauni, ndipo linachedwa panjira. M'mawa ndinafunsa adayirekita muyeso.

"Muyeso wa chiyani, bambo?"

"Wa malemu."

"Palibe malemu. Ingokumbani dzenje loti bokosi n'kulowa."

Ine sindinakumbepo manda opanda muyeso. Timadula bango molingana ndi msinkhu wa munthu, n'kuligoneka pansi, n'kulemba ndi khasu. Ndinatsikira kumtsinje. Ndinadula bango. Ndinaliimika pambali panga, ndinalidula pamene linandifika m'chibwano. Sindinaganize kanthu. Dzanja linangodula pamenepo. Mnzanga analiyang'ana bangolo, anandiyang'ana ine.

Tinalozetsa kumutu kumene timalozetsa nthawi zonse. Adayirekita ankafuna kuti dzenje lipingase chifukwa cha dzuwa. Mnzanga anati, "Mayi, sunthani kamera. Manda sasuntha." Anasuntha kamera.

Atamaliza kujambula za kulavula zija anapita kukajambula zina kuchigwembe. Anatisiya tikumalizitsa. Dothi la kuno n'lofewa pamwamba, lolimba pansi. Dzenje linandifika m'khosi. Mnzanga anali pamwamba akukoka ndowa. Patapita nthawi ndinamva wasiya kukoka.

"Amwene."

"Ee."

"Mukuchita chiyani m'menemo?"

Ndinayang'ana. Ndinali nditagwada, ndikugoba m'mbali mwa dzenje ndi kakhasu kakang'ono. Kachipinda. Manda enieni timagoba kachipinda m'mbali, mogoneka malemu kuti dothi lisawagwere pankhope.

"Kamera ikaona m'menemo?" anafunsa.

"Ayi."

"Nanga mukugobera ndani?"

Kachipindako kanali katatha kale. Ndinali nditasalaza ndi pansi pomwe. Ndinatuluka. Tinakhala pa mulu wa dothi. Mnzanga anapichira fodya, koma sanayatse.

Bokosi linafika dzuwa lili pamutu. Linali lopaka vanishi, la zogwirira zonyezimira. Kuno sitinaikepo munthu m'bokosi lotero. Anaitana amayi a m'mudzi kuti akhale anamfedwa. Anabwera ambiri, pakuti kunali mpunga ndi nyama. Mwana wanga wamkazi analinso pomwepo, khanda lili kumsana. Ndi woyamba kubadwa. Nyumba yake ili kuseri kwa imene inali yathu.

Wamasiye wa m'kanema anali mtsikana wa m'tauni. Anamupaka fumbi kumaso ndi m'miyendo, n'kumudonthezera mankhwala m'maso kuti misozi ituluke. Amayi a m'mudzi ankagwirana pamapewa.

"Taonani, achemwali, misozi ya m'botolo."

"Akanatiuza tikanamubweretsera yathu. Ili mbwee kunyumba."

Tinanyamula bokosi, amuna asanu ndi mmodzi. Linali lopepuka, linkadumpha pamapewa. Adayirekita anatiimitsa. Anati sizikuoneka zoona. Anaikamo njerwa. Tinanyamulanso. Mnzanga anati malemu anenepa mwadzidzidzi, mpunga uja wawakomera. Anthu anaseka. Inenso pang'ono.

Kenako anati amayi ayimbe nyimbo ya maliro, iliyonse imene amaidziwa. Mayi wina wa chigwirizano anayambitsa. Inali nyimbo imene timayimba potsitsa bokosi. Enawo anavomera. Tinamanga zingwe, tinayamba kutsitsa.

Sindidziwa amene anayamba. Pakati pa nyimbo mawu a munthu mmodzi anathyoka. Kenako wina. Pa amayi amenewo panalibe amene matope aja sanamulande kanthu. Wina mwana, wina mayi, wina nyumba. Masiku amenewo tinkaika anthu mothamanga, ambiri tsiku limodzi, mvula ili pamsana. Panalibe nthawi yolira bwino. Tsopano kunali dzuwa, kunali manda okumbidwa bwino, kunali nyimbo.

Bokosi linagunda pansi.

"Basi! Zikomo kwambiri, amayi. Zatheka," anakuwa adayirekita.

Palibe anasiya.

"Amayi, tamaliza!"

Mtsikana wa misozi ya m'botolo uja anaima n'kumayang'ana uku ndi uku. Mwana wanga anali atagwada m'mphepete mwa dzenje. Sankayimba. Ankaitana.

"Amayi ine! Amayi ine!"

Khanda linayamba kulira kumsana. Ine ndinali nditagwirabe chingwe. Ndinayang'ana tiyi.

Zinatenga nthawi. Adayirekita anakhala pa bokosi la zida zawo, manja ali kukamwa. Phokoso litachepa, anyamata awo anabwera, tinakoka bokosi lija, anachotsamo njerwa, analipukuta n'kulikweza pa lole. Linkayenera kubwerera kwa mwini wake lisanakalike.

Adayirekita anabwera kwa ife.

"Abambo, mwagwira ntchito yotamandika. Tsopano mungokwirira, tizipita."

Mafosholo anali pomwepo. Palibe anatola.

Anabwereza, akuganiza kuti sitinamve. Mnzanga anakanda kumutu.

"Mayi, pavuta pang'ono."

"Chavuta n'chiyani?"

"Awa ndi manda."

"Ayi bambo, ndi dzenje la sewero."

"M'mawa linali dzenje. Koma tayeza ndi bango. Talozetsa kumutu. Muli kachipinda. Amayi alirapo, nyimbo yayimbidwa, bokosi lagunda pansi. Chatsala n'chiyani kuti akhale manda?"

"Ndiye kwirirani mandawo."

"Manda sakwiriridwa opanda kanthu. Amadzaitana munthu."

"Ndiye tiwasiye choncho, mudzaone mawa."

"Sagonanso apululu."

Anthu anali atayamba kuyandikira. Mkulu wamtali wa chinthu chaubweya uja anati tiikemo njerwa zija, zalira kale. Palibe anaseka. Wina wa kanema anati agule mbuzi. Mayi wachikulire wina anamufunsa ngati kwawo amaika mbuzi m'kachipinda.

"Nanga mwambo umati chiyani?" anafunsa adayirekita. Mawu awo anali atatsika.

"Timaikamo thunthu la nthochi," anatero mnzanga. Ananena akuyang'ana pansi.

"Basitu! Tipeze thunthu. Tilipira."

"Thunthu siliikidwa chabe, mayi. Limaikidwa m'dzina la munthu. Munthu woti anapita osapezeka."

Jenereta ya a kanema inkalira kuseri kwa lole. Palibe anandiyang'ana. Onse ankayang'ana pena paliponse kupatula pamene ndinaima. M'mudzi monse wosapezeka anali atatsala mmodzi. Ena onse abale awo anali atawaikira kale.

Alamu anga anatuluka pakati pa anthu. Anavula chipewa. Anabwera pafupi kuti ena asamve, koma onse ankamva.

"Alamu."

"Wawa."

"Sindinakonze ine zimenezi. Mulungu ndi mboni. Ndinabwereketsa malo basi."

"Ndikudziwa."

"Manda awa ali pa dothi la mlongo wanga. M'mundamu ankalima yekha."

"Sindinaone mtembo."

"Simudzauona, alamu. Inunso mukudziwa."

Alamu analoza dzenjelo.

"Mukakana, ndiuzeni chochita ndi dzenjeli. Mbumba yonse imadutsa pano popita kumadzi. Ana amasewera pano. Likaitana, liitana wa m'nyumba mwanga kapena wa m'nyumba mwanu."

"Zimenezo n'zakale. Ndife a mpingo."

"Ndife a mpingo, inde. Tolani fosholo ndiye, mukwirire. Ine ndiima pano."

Fosholo inali pafupi ndi phazi langa. Ndinaiyang'ana. Ndakhala mdzukulu kuyambira ndili mnyamata. Sindinaonepo manda akukwiriridwa opanda kanthu. Sindinganene kuti ndimakhulupirira. Sindinganenenso kuti sindikhulupirira. Ndinaganiza za khanda lija.

Sindinaitole.

Mwana wanga anadzuka pamene anagwada paja. Maondo ake anali ofiira ndi dothi. Chibadwire sanandiyankhulepo pagulu. Anabwera n'kugwadanso patsogolo panga.

"Ababa."

"Dzuka."

"Ababa, ndatopa. Minibasi ikaima pamsewu ndimatuluka kukaona. Mayi aliyense wa duku lofiira ngati la amayi ndimamuthamangira. Pa Khirisimasi anzanga amakasesa pamanda a amayi awo. Ine ndikasese pati? M'chigwembe?"

"Ukudziwa chimene chitsatire?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

Analira. Sindimuimba mlandu. Anafunika kusankha pakati pa mayi wakufa ndi bambo wamoyo, ndipo wakufayo anali atadikira nthawi yaitali.

Mkulu wa mpingo anali pomwepo, nayenso anabwerera mpunga. Alamu anamufunsa ngati angapemphere. Anati za thunthu mpingo suzidziwa, koma pemphero silikanizidwa kwa munthu.

Panatsala thunthulo. Kale kuno nthochi zinali ngati udzu. Malole ankabwera kudzapakira. Kenako kunabwera matenda a chisaka, masamba n'kumangounjikana pamwamba osabereka. Alangizi anati tizule zonse, tinazula. Anthu anayamba kufunsana kuti nthochi ili kwa yani. Wina anati kutsidya, koma nayo ndi yodwala. Wina anati akafunse kwa a kapitawo ku kompaundi ya esiteti.

Onse ankadziwa kumene kuli nthochi. Ankadikira ine.

Mkazi wanga analandira mphukira ziwiri za mbewu yatsopano kwa alangizi. Anabzala kuseri kwa bafa, kumene madzi osamba amathera. Imodzi inafa. Inayo inakula. Chaka chimenecho inali itatulutsa mkoko wake woyamba, usanakhwime.

"Kuseri kwa bafa," ndinatero.

Ndi mawu okhawo amene ndinanena. Mnzanga anatenga chikwanje changa. Asanapite anandikokera pambali.

"Amwene, pali china. Mwamuna sakumba manda a mkazi wake."

"Ndakumba kale."

"Ayi. Ndakumba ndine. Inu mumangolavula. Aliyense akafunsa, ndi choncho."

Ankafuna kuti ndiseke. Ndinagwedeza mutu.

"Bango lija," anatero, "ndinaliona m'mawa. Akazi anu ankakufikani m'chibwano."

"Pita ukadule."

Anapita. Ndinamva chikwanje kawiri. Nthochi sivuta kudula.

Mmodzi wa ojambula anali atayamba kuimikanso kamera pa miyendo yake. Ndinamumva akunong'oneza adayirekita kuti zoterezi sizipezeka kawiri. Adayirekita anamuyankha m'Chingerezi, mawu ochepa. Kamera inalowa m'chikwama. Kenako anabwera kwa ine. Anavula chipewa chawo cha dzuwa.

"Bambo, sindimadziwa. Akanandiuza, sindikanapempha dzenje."

"Mwagwira ntchito yanu."

"Pali chimene tingachite?"

"Zimitsani jenereta."

Anakazimitsa. Anthu a kanema onse anakhala pansi kumbuyo kwa amayi, ndi mtsikana wa fumbi kumaso yemwe. Iye analira ulendo uno popanda botolo. Kaya ankalira chiyani.

Mwana wanga anakatenga chitenje cha mayi ake cha chigwirizano. Amayi anakulunga thunthulo m'nyumba, chitseko chotseka, monga amachitira posambitsa maliro. Analitulutsa pa mphasa. Ine anandikhazika pansi pamodzi ndi anamfedwa. Kanali koyamba kukhala pansi pa maliro a m'mudzimo. Manja anga sankadziwa kokhala.

Mnzanga ndiye anatsikira m'manda. Analandira mphasa, anaigoneka m'kachipinda. Inakwana ndendende. Anatseka ndi timitengo. Mkulu wa mpingo anapemphera, anatchula dzina la mkazi wanga lonse, ndi la kwa bambo ake lomwe. Chichitikireni ngozi ija ndinali ndisanalimve likutchulidwa mokweza. Anthu ankangoti "aja".

Anandipatsa dothi pa fosholo. Ndinatapa. Ndinaponya.

Adzukulu anakwirira. Anaumba mtumbira bwino, anausalaza ndi kumbuyo kwa mafosholo. Dzuwa linali lisanalowe. Lole ya kanema inanyamuka mwakachetechete, bokosi lonyezimira lija lili pamwamba, lomangidwa ndi zingwe zathu.

Kanemayo sindinamuonere. Ena anaonera pa foni. Akuti ndimaoneka pang'ono, msana wokha. Akuti maliro ake anthu a m'tauni anawayamikira kuti amayiwo ankachita ngati zenizeni.

Titaika maliro aja, m'mawa mwake tinameta. Lolemba ndinapita ku ntchito. A kapitawo anaona mutu wanga.

"Mwaferedwa, akulu?"

"Ee."

"Ndani?"

"Akazi anga."

Anandiyang'ana. Ankadziwa za matope aja.

"Apezeka?"

"Aikidwa."

Sanafunsenso. Anandipatsa mzere wanga. Ndinadulira tiyi tsiku lonse. Tiyi ukamudula mpaka m'maondo amaoneka ngati wafa. Mvula ikagwa amaphukanso. Ndi yekhayo kuno amene sasintha. Kasupe wathu anauma, dimba linapita, koma tiyi akadali wobiriwira mpaka kumene maso amalekezera.

Masabata amenewo ndinakonza zimene ndinkazengereza. Ndinakhoma lata limene linkadontha pakhonde. Ndinamata ming'alu ya khitchini. Mkoko wa nthochi uja unali utagwa ndi thunthu lake. Mwana wanga anauvundika, koma sunapse. Unali wanthete. Tinapatsa mbuzi.

Madzulo ena ndinkapita kumunda. Pamtumbira mwana wanga anabzala maluwa m'chitini. Ankasesa m'mawa uliwonse. Ndinaona kuti wayamba kunenepa. Ankaseka ndi anzake kumjigo. Minibasi ikaima sankatulukanso.

Tsiku losudzula linafika. Linali Loweruka m'mawa. Anayala mphasa pabwalo la nyumba. Kumbali ya akazi kunali alamu ndi alongo awo ndi ana awo. Kumbali yanga kunabwera mlongo wanga mmodzi kuchokera ku Goliati, pa kabaza. Ali m'njira anali atandiuza kale pa foni kuti ndikagona kukhitchini kwake mpaka ndione pochita.

Alamu analankhula bwino. Anati ndinali mkamwini wosavuta. Sindinamenyepo mlongo wawo. Ndinamanga nyumba ya malata, ndinaphunzitsa ana. Maliro aliwonse a m'mudzimo ndinali woyamba kufika ndi khasu. Anati mbumba ilibe nane mangawa. Ndamasuka. Ndikafuna kukwatira, ndikwatire, palibe adzandilondola.

Amayi anaomba m'manja pang'onopang'ono.

Anagawa katundu. Nyumba ndi munda, za ana. Mbuzi, za ana. Ine njinga, wailesi, bulangete, mpeni wanga wodulira tiyi, khasu limodzi. Sanandibere. Ndi mmene zimakhalira.

Mwana wanga anati, "Amalume, ababa sangakhale m'nyumba mwanga?"

Mmodzi wa amayi ake aang'ono, mng'ono wa malemu, anayankha asanafunsidwe.

"Mwamuna wosudzulidwa akhale pakati pa alamu ake aakazi? Anthu aziti chiyani? Mawa akabweretsa mkazi wina, adzagona pa dothi la yani?"

"Sadzabweretsa."

"Onse amatero."

Alamu anakweza dzanja. Anaoneka okalamba tsiku limenelo.

"Alamu, nandolo wa m'munda munabzala ndinu. Mutha kukhala mpaka atauma, mukolole, mutengeko gawo lanu. Palibe akukuthamangitsani lero."

Nandolo anali ndi maluwa. Ndinaganiza zokhala m'nyumba imeneyo monga mlendo, kudzuka m'mawa uliwonse n'kumayang'ana ngati makoko ayamba kuuma, amayi akumjigo nawonso akuyang'ana.

Ndinadzuka. Ndinapinda bulangete, ndinakulungamo wailesi ndi mpeni. Ndinamanga pa kaliyala ndi lamba wa chubu. Khasu ndinalimangirira ku fulemu. Tayala lakumbuyo linali lopanda mpweya. Ndinaona kuti ndiyenda ndikukankha.

"Alamu," anatero, "mwambo umafuna mawu anu. Muli ndi chonena kwa mbumba?"

Onse anadikira. Mwana wanga anali ataimirira pakhomo, khanda lili m'manja, akuligwedeza ngakhale silinkalira. Mnzanga uja anali patali pansi pa mtengo wa mapeyala, fodya wosayatsa ali kukamwa.

Ndinachotsa sitandi ndi phazi. Ndinakankha njinga kudutsa pabwalo, kudutsa pa mjigo, n'kulowa kanjira ka m'tiyi kopita kumsewu.